Zilembo zozimiririka usiku pa Mac za M2: lipoti la vuto la dark mode pa pulogalamu yoyenda ndi Rosetta 2

Dandaulo

Labotale ina ya zachipatala imagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa Mac polemba masampulo akamafika, ndiponso posindikiza malebulo omata pa timabotolo ta magazi ndi mkodzo. Pulogalamuyi inapangidwa ndi kampani ya anthu owerengeka, ndipo yakhala ikugwira ntchito kuyambira nthawi imene Mac zonse zinali za purosesa ya Intel. Labotaleyo itasintha makompyuta a pamalo olandirira masampulo n'kuikapo Mac mini za M2 (purosesa ya Apple) zokhala ndi macOS Sonoma 14, ogwira ntchito usiku anayamba kudandaula. Ankati kunja kukangoda, manambala a masampulo ndi mayina a odwala amazimiririka pa sikirini. Mabatani amaoneka, mitu ya mizere imaoneka, koma m'kati mwa tebulo mumangoti mbee. Kukacha zonse zimabwerera mwakale, moti a shifiti ya masana poyamba sankamvetsa n'komwe chimene anzawowo ankanena.

Nditaitanidwa kudzafufuza vutoli, amayi amene amayang'anira shifiti ya usiku anandifotokozera mmene ankachitira. Ankakoka mausi pamwamba pa mzere kuti usankhidwe, chifukwa mzere ukasankhidwa kumbuyo kwake kumasanduka kwabuluu ndipo zilembo zimatulukira. Ankawerenga nambala, n'kusindikiza lebulo, n'kupita pa mzere wotsatira. Ntchito ikachuluka, ena ankangodalira ndondomeko imene masampulo afikira. Apa m'pamene ndinaona kuti nkhaniyi si ya kukongola kwa sikirini. Lebulo la wodwala wina likamatidwa pa botolo la wina, zotsatira za magazi zimapita kwa munthu wolakwika, ndipo dokotala amapereka mankhwala potengera zotsatirazo.

Akampani yopanga pulogalamu anayesetsa kulibweretsa vutoli pa malaputopu awo a M1 ndi M2, koma osatheka. Kwa iwo dark mode, maonekedwe amene mawindo amakhala akuda, inkaoneka bwinobwino. Kenaka mkulu wa zamakompyuta wa ku labotale anatumiza chithunzi cha Activity Monitor, kapulogalamu koonetsa zimene zikuyenda pa Mac, chosonyeza kuti pa mzere wa Kind, pulogalamuyo yalembedwa kuti Intel, osati Apple. Kuyambira pamenepo aliyense analoza chala Rosetta, chida cha Apple chimene chimayendetsa mapulogalamu a Intel pa Mac za mapurosesa a Apple. Pondiitana, pempho lenileni linali lakuti nditsimikize kuti Rosetta ikusokoneza mitundu, kuti akampani alembere labotale kalata yoti vutoli lili kunja kwa manja awo.

Zimene sikirini inaonetsa

Choyamba ndinapempha kuti wina asinthe Appearance mu System Settings kuchoka pa Auto kupita pa Dark masana omwewo. Zilembo zinazimiririka nthawi yomweyo. Nkhani ya usiku inathera pomwepo. Makinawo anali pa Auto, njira imene inabwera ndi macOS Catalina mu 2019, yomwe imasintha yokha maonekedwe kukamada ndi kukamacha.

Chachiwiri tinatsegula Digital Color Meter, kapulogalamu kamene kamabwera ndi macOS, n'kuloza pamene pamayenera kukhala zilembo. Zilembozo zinalipo. Zinali za mtundu wa E6E6E6, kutanthauza zotuwa moyandikira kuyera, ndipo zinali pamwamba pa FFFFFF, kuyera kwenikweni. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi ndi pafupifupi 1.25 kwa 1, pomwe malangizo a WCAG, othandiza kuti zolembedwa pa sikirini ziziwerengeka, amafuna 4.5 kwa 1 pa zilembo wamba. Munthu wa maso akuthwa atasuzumira pafupi akhoza kuona timizukwa ta zilembo, koma wotopa wa pakati pa usiku sangaone kanthu.

Chachitatu chinali pa zithunzi zimene ogwira ntchito anajambula ndi mafoni awo, ndipo aliyense anachidumpha chifukwa maso anali pa tebulo lopanda zilembolo. Windo ya Finder imene inali kumbuyo inali yakuda, Dock inali yakuda, koma windo ya pulogalamu yathu inali yoyera yonse, kuyambira kamzere ka pamwamba kokhala ndi dzina mpaka mabatani apansi. Ndiye kuti pulogalamuyo sinalowe mu dark mode n'komwe. Chimene chinasintha ndi zilembo za m'tebulo zokha. Mbali ina ya pulogalamu inkakhulupirira kuti kwada, ina inkati kudakali kowala.

Chifukwa chake inkayenda ndi Rosetta

Izi zinayenera kumveka kaye, chifukwa akampani ankanenetsa kuti pulogalamu yawo ndi universal. Ankanena zoona. Lamulo la `lipo -archs` linaonetsa zigawo ziwiri mu fayilo imodzi, x86_64 ya Intel ndi arm64 ya mapurosesa a Apple. Pa Mac ya M2, macOS imasankha arm64 yokha ngati palibe wailetsa.

Woiletsa analipo. Pulinta ya malebulo imalumikizana ndi pulogalamuyi kudzera mu library (khodi yopangidwa kale) imene opanga pulinta anapereka kalekale, ndipo library imeneyo ili ndi chigawo cha x86_64 chokha. Pa macOS, process imodzi, kutanthauza pulogalamu imodzi imene ikuyenda, singasakanize khodi ya arm64 ndi ya x86_64. Yonse imayenda ngati Intel kapena yonse ngati arm64. Choncho pulogalamu ikatsegulidwa ngati arm64, library ya pulinta imakana kulowa, ndipo uthenga wake umanena za incompatible architecture. Mkulu wa zamakompyuta uja atakumana ndi zimenezi tsiku loika makina, anatsegula Get Info n'kuchonga pa Open using Rosetta, pulinta n'kuyamba kusindikiza. Anachita chinthu chanzeru, ndipo ine ndikanachita chimodzimodzi. Koma kuchongako kumasungidwa mu zosankha za wogwiritsa ntchito pa makina amenewo, osati m'kati mwa pulogalamu, motero akampani sakanadziwa. Iwo alibe pulinta yotere pa madesiki awo, ndipo chigawo cha Intel anali asanachitsegulepo pa makina a M1 kapena M2.

Titalemba `arch -x86_64` kutsogolo kwa njira ya fayilo yoyendetsa pulogalamu, pa laputopu ya mmodzi wa olemba khodi ili pa Dark, vutolo linatulukira pamaso pawo. Kwa iwo uwu unali umboni womaliza wakuti Rosetta ndi yolakwa: ukaiyatsa zilembo zikusowa, ukaizimitsa zikubwerera.

Chifukwa chimene sindinavomereze msanga

Rosetta 2 inabwera ndi macOS Big Sur ndi Mac zoyamba za M1 mu Novembala 2020. Ntchito yake ndi kutembenuza malangizo a purosesa ya Intel kuti akhale a arm64. Mbali yaikulu imaitembenuza pulogalamu isanayambe kuyenda n'kusunga zotsatira, ndipo khodi imene imapangidwa pulogalamu ili m'kati moyenda imaitembenuza pompopompo. Ngakhale AppKit, imene imajambula mawindo ndi mabatani, imalowa mu process yotere ngati ya Intel n'kutembenuzidwa chimodzimodzi. Pa mulingo umenewu kulibe mtundu, kulibe batani, kulibe dark mode. Kuli manambala osunthidwa kuchoka apa kupita apo, kuwonkhetsedwa ndi kuyerekezedwa.

Zimene Rosetta siikwanitsa n'zodziwika. Simatembenuza ma kernel extension, siyendetsa mapulogalamu opanga makina ongoyerekeza a x86_64, ndipo malangizo a AVX ndi AVX2 sinkawadziwa mpaka macOS Sequoia 15. Pulogalamu ikagunda chimodzi mwa zimenezi, imagwa kapena imakana kutseguka. Siisankha mwaudongo zilembo za tebulo limodzi n'kuzipaka mtundu wina, mabatani n'kuwasiya. Nditafufuza E6E6E6 mu khodi, ndinaipeza yalembedwa ndi manja pa mzere umodzi, pansi pa ndemanga yonena kuti ndi mtundu wa zilembo mu dark mode. Ndiye kuti mtunduwo sunawonongeke panjira. Unafika ndendende mmene wolemba anaulembera. Zili ngati kutchalitchi mlaliki akatchula vesi lolakwika, womasulira n'kulibwereza mokhulupirika. Anthu amayang'ana womasulirayo chifukwa mawu omaliza atuluka m'kamwa mwake, koma vesilo sanasankhe ndi iye.

Kuyatsa Rosetta kumasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo apa m'pamene panagona nkhani. Kumabweretsa kutembenuza, komanso kumasintha chigawo cha fayilo chimene chikuyenda. Kuti tidziwe cholakwa pa ziwirizi, tinayenera kuzilekanitsa.

Kuyesa koyamba kunali kophweka. Tinapeza MacBook yakale ya Intel yokhala ndi macOS Monterey 12, tinaiika pa Dark, n'kutsegula pulogalamu yomweyo. Pa makina amenewa palibe Rosetta, chigawo cha x86_64 chimayenda pa purosesa yake yeniyeni. Windo inatuluka yoyera, zilembo za m'tebulo osaoneka. Vutoli linali litakhalamo kwa nthawi yaitali, kungoti Mac zakale za ku labotale zinali pa Light nthawi zonse.

Kuyesa kwachiwiri kunadikira kaye kuti tione m'kati mwa fayilo.

Gwero lake

Fayilo iliyonse yoyendetsa pulogalamu pa macOS imanyamula m'mutu mwake manambala awiri amene anthu amakonda kuwasokoneza. Yoyamba ndi macOS yakale kwambiri imene pulogalamu ingayendepo. Yachiwiri ndi SDK (zida za Apple zomangira mapulogalamu) imene inagwiritsidwa ntchito poimanga. Mu fayilo ya universal, chigawo chilichonse chili ndi mutu wakewake, ndipo palibe chokakamiza kuti manambalawo afanane. Lamulo la `vtool -show` linaonetsa izi: chigawo cha arm64 chinali ndi LC_BUILD_VERSION yonena kuti SDK ndi 13.3, pomwe cha x86_64 chinali ndi LC_VERSION_MIN_MACOSX yonena kuti SDK ndi 10.13.

Nambala ya 10.13 ndiyo inamasula zonse. Apple itabweretsa dark mode ya mawindo onse mu macOS Mojave 10.14 mu 2018, inadziwa kuti mapulogalamu ambiri akale ali ndi mitundu yolembedwa ndi manja imene ingaoneke moipa pa windo yakuda. Inaika lamulo lakuti pulogalamu yomangidwa ndi SDK ya 10.14 kapena yatsopano kuposa apo imalowa yokha mu dark mode, koma yomangidwa ndi SDK yakale imasiyidwa mu maonekedwe owala otchedwa Aqua, ngakhale makina onse ali pa Dark. AppKit imawerenga nambalayo pa chigawo chimene chikuyenda. Motero pa Mac imodzimodzi, pulogalamu imodzimodzi inkaoneka yatsopano ikayenda ngati arm64, n'kuoneka ya chaka cha 2017 ikayenda ngati Intel. Lamuloli ndi labwino, ndipo linachita zimene linaikidwira.

Funso linatsala lakuti chigawo cha Intel chinatsalira bwanji m'mbuyo chonchi. Mwini kampani anakumbukira bwino. Pulogalamuyi ili ndi kabokosi koonetsa lebulo lisanasindikizidwe, ndipo kanalembedwa ndi OpenGL, njira yojambulira zithunzi pa sikirini. Xcode 10, pulogalamu ya Apple yomangira mapulogalamu, itatuluka mu Seputembala 2018, iwo anayesa kumanga ndi SDK ya 10.14, kabokosiko n'kumatuluka kakuda mpaka munthu atakoka windo kuti isinthe kukula. Vuto limenelo linavutitsa ambiri chaka chimenecho, chifukwa SDK ya 10.14 inasinthanso mmene mawindo amajambulidwira, n'kuwaika onse pa ma layer a Core Animation. Njira yachidule inali kubwerera ku Xcode 9.4.1, ndipo anthu ambiri anatero. Kampaniyi inasunga Mac ina yakale pakona kuti izingomanga pulogalamu, ndipo inagwira ntchitoyo mosadandaulitsa.

Itafika nthawi ya arm64, Xcode 9 sikanathandiza, popeza arm64 ya Mac imafuna SDK ya 11 kupita m'tsogolo, imene inayamba ndi Xcode 12.2. M'malo mosuntha zonse, anamanga arm64 pa makina atsopano, x86_64 pa akale aja, n'kuzilumikiza ndi `lipo -create`. Fayilo yotere imasainidwa bwinobwino, ndipo notarization, kuunika kumene Apple imachita pa mapulogalamu, imailola, chifukwa imangofuna SDK ya 10.9 kapena yoposa apo. Panalibe chida chilichonse panjira chimene chikanawachenjeza.

Chigawo cha arm64 chinalowa chokha mu dark mode, ndipo zilembo zakuda za m'tebulo zinasowa pa windo yakuda. Wolemba khodi anafunika njira yodziwira ngati kwada kuti asinthe mtundu. Njira yoyenera ndi kufunsa effectiveAppearance, imene imanena maonekedwe enieni a windo, n'kuiyerekeza ndi NSAppearanceNameDarkAqua. Koma dzina limenelo mulibe mu SDK ya 10.13, ndipo khodi yolitchula ikanakana kumangika pa Mac ya pakona ija. Anatenga njira imene inkamangika mbali zonse ziwiri: kuwerenga AppleInterfaceStyle kuchokera mu NSUserDefaults, mosungira zosankha za wogwiritsa ntchito, ndipo ikakhala Dark, kujambula zilembo ndi E6E6E6. Anawonjezera kumvetsera uthenga wa AppleInterfaceThemeChangedNotification kuti tebulo lizisintha pompo makina akasintha, ndipo n'chifukwa chake zilembo zinkazimiririka munthu akuyang'ana, dzuwa likangolowa.

Ndikumvetsa chimene anachitira zimenezi, ndipo njirayi yafala kwambiri pa intaneti. Koma imayankha funso lina. AppleInterfaceStyle imanena chimene mwini kompyuta wasankha pa makina onse. Sinena mmene windo iyi, ya pulogalamu iyi, ikujambulidwira panopa. Ndi yakale kuposa dark mode yeniyeniyo, chifukwa inayamba ndi OS X Yosemite mu 2014, pamene munthu ankatha kudetsa menu bar ndi Dock zokha, mawindo onse n'kukhalabe owala. Kuyambira pachiyambi, mawu akuti Dark pamenepo sanalonjezepo kuti kumbuyo kwa zilembo zako kudzakhala kwakuda. Mu chigawo cha arm64 mayankho awiriwa ankangogwirizana mwamwayi. Mu cha Intel anasemphana.

Apa m'pamene tinachita kuyesa kwachiwiri. Mu Info.plist, fayilo yofotokoza za pulogalamu, muli kiyi yotchedwa NSRequiresAquaSystemAppearance. Ikakhala YES, pulogalamu imakhala yowala ngakhale yamangidwa ndi SDK yatsopano. Tinakopera pulogalamu, tinaikamo YES, tinaisainanso ndi codesign popeza kusintha Info.plist kumathyola siginecha, n'kuitsegula ngati arm64 pa M2, popanda Rosetta. Windo inayera, zilembo zinasowa. Tsopano tinali titaona vutoli pa Intel yeniyeni komanso pa arm64 yeniyeni. Kalata yoimba mlandu Rosetta sinalembedwe.

Chimene tinachita tsiku lomwelo

Shifiti ya usiku sikanadikira pulogalamu yatsopano. Chosavuta chinali kuchotsa makina onse pa Auto n'kuwaika pa Light, ndipo tinapempha zimenezo. Ena mwa ogwira usiku anadandaula, ndipo anali ndi mfundo: amakhala maola ambiri m'chipinda cha magetsi ochepa, ndipo sikirini yowala ponseponse imawawawitsa maso. Tinapeza njira yowasiyira Dark pa mapulogalamu ena onse. NSUserDefaults imayang'ana kaye zosankha za pulogalamu yokhayo isanapite ku za makina onse. Titalemba AppleInterfaceStyle kukhala Light mu zosankha za pulogalamu yathu ndi `defaults write`, khodi ija inaleka kuona Dark, n'kubwerera ku zilembo zakuda pa windo yake yoyera. Tinachita izi pa makina okhala ndi pulinta okha, n'kulemba pa pepala la mkulu wa zamakompyuta kuti adzazichotse pulogalamu yokonzedwa ikadzafika.

Tinapemphanso mkulu wa labotale kuti aone ngati pali masampulo a usiku amene zotsatira zake zinakayikitsa kuyambira pamene makina atsopano anaikidwa. Imeneyo si ntchito yanga, koma kubisa kuti mpata wolakwitsa unalipo kukanakhala kulakwira odwala. Mbali yanga inali kutsimikiza kuti malebulo osindikizidwawo sanakhudzidwe. Khodi yojambula lebulo ndi yosiyana ndi ya tebulo, ndipo imagwiritsa ntchito mtundu wakuda wokhazikika. Malebulo ankatuluka owerengeka nthawi zonse.

Njira ziwiri zachidule zimene ndinakana

Yoyamba inali kuika NSRequiresAquaSystemAppearance kukhala NO. Apple imalola zimenezi kwa pulogalamu yomangidwa ndi SDK yakale imene mwini wake watsimikiza kuti ikuoneka bwino mu dark mode. Ndi mzere umodzi, ndipo zilembo zikanaoneka. Akampani anaikonda kwambiri. Ndinawauza kuti ikhoza kukhala chigamba cha sabata imodzi, koma isakhale mathero, chifukwa imasiya zonse zimene zinabala vutoli: makina awiri omangira, SDK ziwiri, ndi khodi yofunsa funso lolakwika. Dark mode si chinthu chokha chimene AppKit imasintha potengera nambala ya SDK. Kusiyana kwina kukanadzatulukira mtsogolo, pa makina a pulinta okha, kumene olemba khodi sayang'anako.

Yachiwiri inali kugwiritsa ntchito vtool yomweyo kulemba nambala ina ya SDK pa chigawo cha Intel popanda kumanganso. Zimatheka, ndipo poyesa zinthu ndi chida chabwino. Koma kutero ndi kunamiza AppKit kuti khodi inayesedwa ndi malamulo atsopano pamene sinayesedwe, ndipo malamulo onse amene anasintha pakati pa 10.13 ndi nambala yatsopanoyo amayaka nthawi imodzi, kuphatikizapo amene anadetsa kabokosi ka OpenGL. Pulogalamu yogwira mayina a odwala sindingailole kutuluka motero.

Kukonza kwenikweni

Mantha aakulu a mwini kampani anali akuti akasiya Xcode 9, makasitomala ochepa amene akadali pa High Sierra 10.13 atsala. Apa manambala awiri aja anafunika kuwasiyanitsanso. Kumanga ndi SDK yatsopano sikutanthauza kusiya macOS yakale. Xcode 14 ndi 15 zimalola deployment target, nambala yoyamba ija ya macOS yakale kwambiri, kutsika mpaka 10.13, ndipo malo amene khodi ikufuna zinthu za 10.14 amatchingidwa ndi `@available`. Zigawo zonse ziwiri tsopano zimamangidwa pa makina amodzi, ndi lamulo limodzi.

Kabokosi ka OpenGL tinakalembanso ndi Core Graphics. Lebulo ndi timizere ta barcode ndi zilembo zochepa, silifuna OpenGL, imenenso Apple inalengeza mu 2018 momwemo kuti yasiya kuipititsa patsogolo. Ntchito imene inaopedwa zaka zonsezi inapezeka yaing'ono poyerekeza ndi mavuto amene kuizemba kunabweretsa.

Mu tebulo tinachotsa kuwerenga AppleInterfaceStyle, tinachotsanso E6E6E6. Zilembo tsopano zimajambulidwa ndi labelColor, kumbuyo kwake ndi controlBackgroundColor. Mitundu imeneyi ilibe nambala yokhazikika. AppKit imaipatsa nambala pa nthawi yojambula, potengera maonekedwe a view (kachigawo ka windo) yomweyo, motero zilembo ndi kumbuyo kwake zimachokera ku gwero limodzi ndipo sizingasemphane. Malo ochepa amene amafunikadi kudziwa ngati kwada, monga mtundu wofiira wosonyeza sampulo yachangu, amafunsa effectiveAppearance ya view yawo kudzera mu bestMatchFromAppearancesWithNames, ndipo amajambulanso viewDidChangeEffectiveAppearance ikaitanidwa.

Pali malo amodzi pamene tinakana mitundu yosinthasinthayi mwadala, ndipo ndikufuna aliyense wokonza vuto longa ili apasamale. Mmodzi wa olemba khodi, pofuna kuyeretsa zonse, anafuna kusintha mtundu wakuda wa pa lebulo kuti ukhalenso labelColor. Lebulo limajambulidwa kukhala chithunzi chimene chimatumizidwa ku pulinta. Likanajambulidwa ndi labelColor pulogalamu ili mu dark mode, zilembo ndi barcode zikanakhala zoyera, ndipo pulinta ikanalavula timapepala topanda kanthu. Tikanachotsa vuto pa sikirini n'kulisamutsira pa botolo. Pepala ndi loyera usana ndi usiku. Lebulo ndi kabokosi kolionetsa zinakhalabe zakuda pa zoyera, ndipo tinalemba ndemanga mu khodi yofotokoza chifukwa chake.

Library ya pulinta tinaichotsa mu process yaikulu n'kuiika mu kapulogalamu kothandizira ka XPC, komangidwa ngati x86_64 yokha. Lamulo loletsa kusakaniza limagwira m'kati mwa process imodzi, koma ma process awiri osiyana akhoza kutumizirana mauthenga popanda vuto. Tsopano pulogalamu yaikulu imayenda ngati arm64, imatumiza chithunzi cha lebulo ku kothandizirako, ndipo Rosetta imangogwira kachigawo kakang'onoko, kamene kalibe windo iliyonse. Mkulu wa zamakompyuta anachotsa chongi cha Open using Rosetta pa makina onse.

Pomaliza tinawonjezera zinthu ziwiri pa ndondomeko yotulutsira pulogalamu. Sikiripiti imawerenga SDK ya chigawo chilichonse ndi vtool, ndipo ikapeza kuti zasiyana imaimitsa ntchito yonse. Ndiponso woyesa amatsegula pulogalamu kanayi: arm64 pa Light, arm64 pa Dark, x86_64 pa Light, x86_64 pa Dark, kenaka amasintha maonekedwe pulogalamu ili yotsegula. Pa windo ya About tinaikapo mzere wosonyeza ngati process ikutembenuzidwa, powerenga sysctl.proc_translated, imene imapereka 1 pansi pa Rosetta ndi 0 ikamayenda mwachindunji. Wodandaula akatumiza chithunzi cha windo imeneyo, funso limene linatichedwetsa kwambiri limayankhidwa tisanalifunse.

Kampaniyi ili ndi pulogalamu inanso ya Windows, ndipo ndinawapempha aiyang'ane ndi diso lomweli. Kumeneko chofanana ndi AppleInterfaceStyle ndi AppsUseLightTheme ya mu registry, imenenso imangonena chimene munthu wasankha. Mawindo akale a Win32 sada okha chifukwa cha nambalayo, ngakhale kamzere ka pamwamba kamafuna kuti pulogalamu ipemphe kudzera mu DwmSetWindowAttribute. Malaputopu a Snapdragon X amene anatuluka mu 2024 amayendetsa mapulogalamu a x64 kudzera mu Prism ya Windows 11 24H2, yogwira ntchito ngati ya Rosetta, ndipo wogula akaona zilembo zosaoneka pa makina otere, adzathamangira kuloza Prism. Ndinawalangiza kuti dandaulo lotero likadzabwera, ayambe atsegula fayilo yomweyo pa kompyuta wamba ya Intel kapena AMD ili pa Dark.

Chotsala

Kapulogalamu kothandizira kaja kakudalirabe Rosetta, ndipo Rosetta ili ndi malire a nthawi. Pa msonkhano wake wa olemba mapulogalamu wa WWDC mu 2025, Apple inalengeza kuti macOS Tahoe 26 ndi yomaliza ya Mac za Intel, ndipo Rosetta ipezeka mokwanira mpaka macOS 27. Kupitirira apo idzatsala mbali yochepa yothandiza magemu akale. Library ya pulinta si gemu. Kampani yalembera opanga pulinta kupempha library ya arm64, ndipo podikira yankho, mmodzi wa olemba khodi wayamba kuyesa kutumiza malebulo ku pulinta mwachindunji m'chinenero chake cha malamulo, popanda library. Ndalangiza labotale kuti makina a pulinta asakwezedwe kupitirira macOS 27 mpaka imodzi mwa njira ziwirizi itayesedwa ndi malebulo enieni, pa shifiti ya masana ndi ya usiku.